Kamba wa Ababa ndi Mvula ya Amayi

Pakhomo pathu ku Kawale panali galimoto imene sindinaionepo ikuyenda kufikira nditalowa Folomu 2. Inali ya zija zozungulira msana, za maso awiri otuzuka, zokhala ndi injini kumbuyo m'malo mwa kutsogolo. Anthu onse a mumzere wathu ankaitcha kamba. Kamba ameneyu anakhala panjerwa kuseri kwa bafa zaka ndi zaka, matayala ali phwaa, dzimbiri litadya m'munsi mwa zitseko, ndipo nkhuku za aneba zinkaikira mazira pampando wakumbuyo osaodira n'komwe.

Ababa anapatsidwa galimotoyi ndi mzungu wina wokalamba amene ankamuyendetsa iwo adakali mnyamata. Pobwerera kwawo anawasiyira itafa kale, ndipo Ababa anachita kuikoka ndi chingwe mpaka pakhomo. Ankati adzaikonza akadzapeza mpata, koma mpatawo sunkapezeka, chifukwa iwo anali dalaivala wa malole a maulendo ataliatali. Kunyumba ankangobwera kudzasintha malaya. Mpata unadzapezeka mwa njira yoipa. Anadwala malungo aakulu, ndipo atachira makutu anatsalira komweko: lakumanja linaferatu, lakumanzere linkamva pokhapokha munthu akuwe. Ntchito inathera pomwepo.

Kuyambira pamenepo Ababa anasanduka munthu wa pakhonde. Ankadzuka, kusamba, kuvala malaya ositidwa bwino, n'kukhala pampando kumangoyang'ana anthu odutsa. Alendo akabwera ankangogwedeza mutu pa chilichonse, ngakhale pa uthenga wa maliro. Ine ndinabadwa wapakamwa, koma pamaso pa bambo angawo mawu ankandithera. Zinkandiwawa, komanso ndinene zoona, zinkandikwiyitsa.

Amayi ndiwo anagwira nyumba. Ankagulitsa tomato ndi anyezi pamsika, ndipo chaka chimenecho anaganiza zoyamba kuweta nkhuku zoyera zija zokula msanga. Malo omangapo khola panalibe, kupatula pomwe panali kamba. Tsiku lina mphepo ya mwezi wa Ogasiti ikuwulutsa mapepala pabwalo, anaima kutsogolo kwa Ababa, manja m'chiuno, n'kukuwa moti mzere wonse unamva.

"Abambo, chitsulo chanuchi chikundidyera malo! Mvula ikagwa chisanalire, ndikaitana anyamata a mbaula adzachiduledule!"

Anyamata a mbaulawo tonse tinkawadziwa. Ankagogoda malata kuseri kwa msika, ndipo galimoto yakufa ikalowa m'manja mwawo, sabata yomweyo umaipeza ili pamzere ngati mbaula, zidebe ndi ziwaya za tchipisi. Ababa anayang'ana Amayi, n'kuyang'ana kuseri kwa bafa, n'kunena kuti, "Ndamva." Chikhalirecho ankati samva, koma mawu amenewa okha sanafune kuti awabwerezere.

Mawa lake ndikuchokera kusukulu ndinawapeza atavala ovolosi, bokosi la masipanala lili yasa. Achimwene anga anali atapita kale ku Joni, ndiye mwana wotsala pakhomo ndinali ine ndekha. Anandiponyera ovolosi ina yakale, yoti ndinachita kupinda miyendo ndi manja omwe.

"Manja ndili nawo, maso ndili nawo," anatero. "Iwe ukhala makutu."

Ntchito yoyamba inalibe n'chokhudza makutu chomwe. Tinatsitsa injini pansi, ine nditagona chagada m'fumbi ndikugwira sipanala mbali ina, iwo akupotokola mbali inayo. Bawuti lina litangomasuka, oilo wakuda wa zaka zonsezo anandithira kumaso mpaka m'tsitsi. Ndinatuluka ndikulavula, ndikutukwana chamumtima, ndipo ndinapeza Ababa atagwira pamimba.

"Kamba amanyerera womtola," anatero akupukuta misozi ya phwete. "Wakulandira ameneyu."

Aka kanali koyamba kuwamva akuseka chidwalireni, ndiye mkwiyo wanga unasowa pogwira.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kanali kochedwetsa mpaka kupweteketsa mutu. Chitsulo chilichonse tikachimasula, ndinkachitsuka ndi parafini ndi mswachi wakale m'beseni lakutha la Amayi, kenaka n'kuchiika pathumba motsatana ndi chinzake monga momwe zinachokera. Ndikangosokoneza, ankandibweza. Ankati bawuti lililonse lili ndi kwawo, ndipo ukalilowetsa kwa eni limakhalako ndithu koma mosakondwa, tsiku lina lidzakuthawa uli pakati pa msewu. Ine ndinkafuna tithamange, poti kumwamba sikunkadikira ife. Iwo ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha, n'kundipatsa chitsulo china choti nditsuke.

Aneba sanatisiye. Amayi ena a kuseri ankati akadutsa n'kuona miyendo yanga itatulukira pansi pa galimoto, ankaombetsa manja. "Mwana wamkazi uyu adzakwatiwa ndi ndani, zikhadabo zili bii chonchi?" Ndinkawayankha ndili pansi pomwepo kuti adzandikwatira wa galimoto yovuta. Bambo wina wodziwa zonse anabwera tsiku lina, n'kutsegula kutsogolo, n'kupeza muli mbee, tayala lakale lokha. Anathamanga kukawakoka Ababa dzanja, kuwauza ndi manja ndi pakamwa kuti akuba awachotsera injini. Atamuonetsa kumbuyo, anafunsa pothirira madzi. Ababa anamuuza kuti kamba samwa madzi, amazizira ndi mphepo. Bamboyo anachoka akupukusa mutu, ndipo madzulo ake mbiri inali ponseponse kuti matenda aja sanathere m'makutu mokha.

Loweruka tinkayenda wapansi kupita ku Biwi, kumene kuli magalaja ndi ogulitsa zitsulo zakale. Kumeneko ndiye ndinkagwira ntchito yanga yeniyeni. Ababa ankaonetsa chitsulo chakufa, wogulitsa n'kuyankha, ine n'kukuwira yankholo m'khutu lamanzere. Nthawi zina ndinkalikonza kaye yankholo lisanafike, chifukwa anyamata a kumeneko pakamwa pawo sipatsekeka. Wina anati, "Madala, galimoto zimenezi zinatha ndi ndalama za mapaundi, ingogulani njinga." Ine ndinawauza Ababa kuti akuti tiyese kutsogoloku. Anandiyang'ana m'mbali, n'kunena kuti, "Pakamwa pake panayenda nthawi yaitali kuposa pamenepo."

Pobwerera tinkagula chimanga chootcha, n'kumayenda pang'onopang'ono. M'njira zimenezo ndimo Ababa anayambiranso kulankhula. Poti sankadzimva, ankalankhula mokweza ngati ali pamsonkhano, ndipo anthu a m'minibasi zodutsa ankatembenuka. Anandiuza za mapiri amene lole imakwera ikubuula, za njovu imene inawatsekera msewu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, za momwe anawaonera Amayi koyamba akugulitsa nthochi pamphambano ina ku Mitundu, n'kugula mkoko wonse pomwe iwo nthochi sadya. Zonsezi ndinali ndisanazimvepo. Ndinkakondwa kwambiri masiku amenewo, ngakhale m'manja munali mabala okhaokha.

Kutentha kwa Okutobala kutafika, injini inali itabwerera m'malo mwake. Tinabwereka batire kwa mnzawo wina wa minibasi. Ababa ankakhala pachiwongolero n'kupotokola kiyi, ine nditagwada kumbuyo, khutu pafupi ndi injini. Kenaka ndinkathamangira kuwindo.

"Ikuti bwanji?"

"Ikuti nye-nye-nye-nye, kenaka phwii!"

"Phwii kapena thuu?"

"Phwii, Ababa!"

"Tayeseranso, ndione pakamwa."

Ndinkabwereza, iwo akuyang'anitsitsa milomo yanga ngati adokotala. Kwa iwo phwii anali ndi tanthauzo lake, thuu lake, gwede-gwede lakenso. Akamva, ankatsika, kukakhudza kena kake pang'ono chabe, n'kubwerera pakiyi. Ana a mumzere anaphunzira nyimboyo, ndipo ndikamapita kusukulu ankanditsatira akuti nye-nye-nye phwii. Koma kulira kwenikweni injini inakana.

Ndiye tsiku lina masana kumwamba kunada mbali ya ku Bunda. Kunawomba kamphepo, kenaka madontho akuluakulu anayamba kugogoda pamalata, fumbi n'kununkhira. Mtima wanga unangoti phwii ngati injini yomweyo. Ababa anaphimba kamba ndi matumba, n'kulongedza masipanala limodzilimodzi. Mvula itakata anasamba m'manja ndi sopo, n'kuvala malaya awo ositidwa aja. Ndinadziwa kumene ankapita. Iwo anali munthu woti akavomera chinthu wavomera, ndipo sakanalola kuti mkazi wawo ndiye akaitane anyamata a mbaula. Ndinaima pakona pa nyumba misozi ili lengelenge.

Amayi anali pakhomo la khitchini akusadzula nkhwani.

"Ulendo wa kuti, Abambo?"

"Mvula yagwa," anatero Ababa.

"Mvula iti?"

Ababa analoza pansi ponyowa. Amayi anayang'ana pansipo, n'kuyang'ana kumwamba, n'kuseka kachiphwete konyoza.

"Inu anthu okulira m'malole! Imeneyi mukuti mvula? Ichi n'chizimalupsa! Chabwera kudzazimitsa moto wa kutchire basi. Munaona ndani akubzala ndi chizimalupsa? Ine ndinati mvula!"

Pa nkhani ya mvula Amayi sankatsutsika, poti anakulira pakhasu. Ababa analowa m'nyumba n'kutuluka atavalanso ovolosi.

Tinapeza kuti chovuta chinali koilo, kachitsulo kooneka ngati botolo kamene kamapereka moto kumapulagi. Tinasakasaka ku Biwi konse, ku Malangalanga, mpaka kwa munthu wina ku Chinsapo amene tinamva kuti anali ndi kamba wake. Tinakapeza kamba wakeyo atasanduka kale mbaula.

Mu Novembala inagwanso ina, yamphamvu, mpaka ngalande zinasefukira ndi kukokolola zinyalala za mzere wonse. Ababa anangosuzumira m'khitchini.

"Nanga iyi?"

"Kokalupsa!" anakuwa Amayi osatembenuka n'komwe. "Ikungokokolola phulusa la chizimalupsa chija. Kagwireni ntchito."

Mayina awiriwo ndi enieni, aliyense wa kumudzi amawadziwa. Koma pambuyo pa kokalupsa sipakhalanso dzina lina, imene imabwera ndi mvula basi. Inabweradi. Ngumbi zinatuluka, ana n'kumazithamangitsa ndi mabeseni. Anthu anabzala m'mphepete mwa misewu ndi paliponse pamene panali dothi. Amayi nawo anayamba kuzemba mbandakucha kupita kukamunda kawo kutsidya kwa mtsinje, n'kumabisa khasu kuseri kwa chitseko. Ndipo anapiye amene anaitanitsa kalekale anafika, khola kulibe. Anawaika m'makatoni m'khitchini, ndipo atakula pang'ono anawatchingira ngodya yonse ndi matumba. Tinayamba kuphikira pakhonde. Fungo la m'nyumba mwathu masiku amenewo sindikufuna kulikumbuka.

Koma Ababa akafunsa kuti nanga iyi, yankho linkapezeka. Ina inali yopsetsa mango. Ina inali ya ku Mozambiki, yangosochera. Ina Amayi anati ndi mame chabe onenepa.

Tsiku lina tikuchotsa zitosi m'khitchinimo, ine mphuno nditamanga ndi kansalu, ndinalephera kupirira.

"Amayi, mvulatu ikugwa. Matope ali kumapazi kwanuwo ndi a kumunda."

"Pakamwa pakopo padzakupweteketsa," anatero. Anapitiriza kusesa, kenaka anaima n'kuloza kunja ndi tsache. "Tamvera."

Kuseri kwa bafa Ababa ankaimba mluzu. Inali nyimbo ya kutchalitchi, koma yokhotakhota moti mwini wake sakanaizindikira, poti woimbayo sankadzimva.

"Ndinanena za mbaula zija kuti adzuke pampando paja," anatero Amayi. "Adzuka. Ndiye ukufuna ndiwabwezerepo chifukwa cha nkhuku?"

Ndinawakonda Amayi tsiku limenelo kuposa masiku onse, ngakhale anandisiyira ndowa ya zitosi kuti ndikataye.

Koma Ababa sanali mwana. Ankaona chimanga cha aneba chikufika m'mawondo, ankaona mkazi wawo akukoleza mbaula pakhonde mphepo ikuzimitsa. Masewerawo anayamba kuwalemera. Koilo tinadzaipeza sabata ya Khirisimasi isanafike, kwa mkulu wina ku Area 23 amene ankaigwiritsa ntchito ngati chopsinjira mapepala pawindo. Tikubwerera, Ababa anandiuza mokweza monga mwa masiku onse, pakati pa msewu.

"Loweruka likubwerali akapanda kulira, ndikawaitana ndekha anyamata aja. Sindingawasandutse amayi ako abodza mpaka chimanga chimasule."

Ndinadziwa kuti ulendo uno palibe dzina la mvula limene likanawabweza.

Loweruka linafika kuli mitambo. Tinamanga koilo, tinapopa matayala akale amene tinapeza, n'kumutsitsa kamba panjerwa. Ababa anapotokola kiyi. Injini inati nye-nye, nyee, n'kukhala chete. Batire yobwereka ija inali itatopa nafe, ndipo mwini wake anali pamsewu ndi minibasi yake.

"Tikankha," anatero Ababa.

Kutsogolo kwa nyumba yathu kuli kamtsetse kotsikira kuchigayo. Ndinaitana ana a mumzere, omwe aja a nye-nye phwii, ndipo tinamutulutsa kamba pachipata. Tili pomwepo kumwamba kunang'ambika. Sinali mvula yoti munthu n'kuipatsa dzina lina, inali yeniyeni, yoti ukayang'ana kutsidya kwa msewu suona nyumba. Ana ena anathawira m'makonde. Otsalafe tinakankha, mapazi akuterereka, kamba akulemera ngati wakhuta. Ababa, ali pachiwongolero, anasiya kilatchi. Injini inatsokomola kamodzi, thuu, galimoto n'kuima njii.

Tinali titadya kale theka la mtsetse. Kumunsi kukafika pachigayo msewu umayamba kukwera, ndipo kumeneko kukanakhala kutha kwake. Ndinaika mutu pagalasi lakumbuyo ndikupuma mwa befu, madzi akulowa m'kamwa. Ndinamva wina akundigunda ndi phewa kuti ndisendere. Anali Amayi, opanda nsapato, chitenje atachikwinyira m'mwamba ngati akupita kukapalira.

"Mukukankha ngati simunadye," anatero. "Tiyeni!"

Tinakankha. Amayi ankabuula, ana akukuwa, matope akutithira kumaso. Galimoto inayamba kuthamanga yokha mpaka manja athu kutsalira. Kenaka inagwedezeka, inati pha, pha-pha, pha-pha-pha-phrrrr, utsi wakuda n'kutiphimba. Ine ndinagwa chafufumimba m'matope. Nditadzutsa mutu ndinaona kamba akukhota pachigayo, msana wake wozungulira ukunyezimira ndi madzi, n'kuzimirira.

Tinaima pakati pa msewu, ine ndi Amayi. Anthu anali atadzaza m'makonde. Kwa kanthawi kunkangomveka mvula pamalata, ndipo ndinayamba kuopa kuti wakazimira kuseriko. Kenaka ndinamva kulira kuja kukubwera chakumtunda, atazungulira mzere wonse, kulira kokhazikika ngati makina osokera. Ana anayamba kuvina m'zithaphwi.

Ababa anaima pafupi nafe osazimitsa injini. Ndinathamangira kuwindo kuti ndiwauze momwe ikulirira, koma anandiimika ndi dzanja.

"Usavutike, mwanawe. Ndikuimva kumsana."

Anawerama n'kutsegula chitseko cha mbali inayo. Ine ndinapinda mpando n'kukwawira kumbuyo, m'malo mwa nkhuku muja. Amayi anayamba afinya chitenje, n'kupukuta mapazi ndi dzanja, ngati kuti m'katimo munali mouma, pomwe madzi ankadontha pagalasi lakutsogolo mpaka pamiyendo. Anakhala pansi mwaulemu, manja pamaondo, n'kukoka chitseko. Chinakana. Anachikokanso mwamphamvu, chinatsekeka.

Ababa anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, osayenda, akungomvera galimoto yawo ikunjenjemera. Amayi anapukuta nthunzi pawindo, n'kusuzumira kunja ngati munthu amene wangodzuka kumene. Kenaka anasendera kukhutu la amuna awo.

"Abambo, yendetsani msanga! Simukuona kuti mvula yagwa?"

Ababa anasuzumira nawo, anayang'ana kumwamba nthawi yaitali.

"Yagwadi, Amayi," anatero, n'kulowetsa giya.